Chidole cha telala ndi zovala za belly dance: mafunso ndi mayankho

Telala wozolowera madiresi a chitenje, masuti a ukwati ndi mayunifolomu a sukulu akapatsidwa oda ya chovala cha belly dance, gule wa ku Egypt ndi mayiko ena a Aluya wogwedeza chiuno ndi mimba, amazindikira msanga kuti malamulo ake akale sakugwira. Diresi limapachikika pamapewa ndipo timalisiyira mpata wopumira. Chovala ichi chilibe mpata, chimasenza mikanda yagalasi yolemera, komanso chiyenera kukhala pomwe mwachiika pamene mwini wake akudukula, kuzungulira ndi kukweza manja. Apa ndi pamene chidole cha telala, chimene ambiri timangoti dami, chimafunikira. Mayankho ali m'munsiwa alembedwera osoka a kuno ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, kumene zipangizo zina munthu umadzipangira wekha.

Chovala chimenechi chili ndi zigawo ziti, nanga chidole chimathandiza pati?

Chimene anthu ambiri amachidziwa chimatchedwa bedlah, mawu a Chiarabu otanthauza suti. Chili ndi zigawo zitatu: bra yolimba yokutidwa ndi nsalu ndi mikanda, lamba wotakata wokhala m'chiuno pansi pa mchombo, ndi siketi. Kavalidwe kameneka kanakhazikika ku Cairo, m'nyumba za zisangalalo ndi m'mafilimu a ku Egypt. Badia Masabni anatsegula malo ake ovinira mumzindawo mu 1926, ndipo ovina otchuka monga Tahia Carioca ndi Samia Gamal anadzera pa malo akewo. Palinso diresi lalitali lophimba thupi lonse, la baladi, kapena la saidi limene amavinira atagwira ndodo.

Chidole chimasunga kupindika kwa bra ndi lamba pamene mukukongoletsa, chimakuonetsani mmene mphonje zikugwera, ndipo chimanyamula siketi masiku angapo kuti nsalu itsike musanapinde m'munsi. Chimene sichingachite ndi kupuma. Nthiti za munthu zimatambasuka masentimita angapo akakoka mpweya, mnofu wake umalolera ukapanikizidwa, pamene chidole chimangoti njo. N'chifukwa chake malo a mahuku ndi utali wa zingwe za bra zimatsimikizidwa pa munthu.

Zidole zoonetsera zovala m'mashopu zija zingagwire ntchito?

Zingagwire, koma osati mmene zilili. Zimapangidwa ndi pulasitiki yolimba kapena fibreglass, ndiye pini silowa. Thupi lake ndi lokopera makasitomala: chiuno chochepa, chifuwa chokwera, ndipo zambiri zimaima mopindika, phewa lina m'mwamba. Mukadulira lamba pa chidole chopindika, lambayo adzatuluka wopendekera.

Sankhani choima molunjika ndiponso chocheperako poyerekeza ndi wovina wanu. Chikulungeni ndi siponji ya sentimita 1, kenako muchiveke nsalu yotanuka yothina kuti mapini azigwira. Zidole za theka zogulitsira majini ndi maleginzi musazinyoze. Zili ndi mbina ndi miyendo, zinthu zimene chidole chenicheni cha telala chimasowa, ndipo pa ntchito ya lamba zimathandiza kwambiri.

Nanga chidole cha timawilo tosinthira saizi?

Za Singer, Dritz ndi Adjustoform ndi za mtundu umenewu, ndipo pa madiresi wamba n'zabwino. Pa bedlah zili ndi zovuta zimene ndi bwino kuzidziwa musanawononge ndalama yoitanitsira ku Lusaka. Mukapotoza timawiloto, zigawo za chidole zimatalikirana n'kusiya mipata pakati pa chifuwa, pamsana ndi m'mbali. Amenewo ndi malo enieni amene pakati pa bra ndi mahuku a lamba zimakhala, ndiye mumapeza mulibe poboolera pini. Chachiwiri, kukulitsa chifuwa ndi wilo sikukulitsa mabere, kumangotambasula thupi lonse ndi msana womwe. Chachitatu, kumbuyo kwake n'kophwatalala ndipo zambiri zimathera pamene mbina ikuyamba kumene. Choimikira chake nachonso n'chopepuka. Mukapachika lamba wa makilogalamu awiri mbali imodzi, chimagwa.

Njira yake ndi kutseka timawilo mpaka chidole chifanane ndi muyeso wa pansi pa mabere a wovinayo, osati wa pamwamba pake, kenako kwina konse muwonjezere ndi siponji. Pamapazi pake ikanipo kathumba ka mchenga.

Ndiyeze malo ati pa thupi la wovina?

Miyeso itatu ya masiku onse, chifuwa, chiuno ndi mbina, sikwanira. Yezani pansi pa mabere kawiri, atatulutsa mpweya ndi ataukoka. Yezani pamwamba pa mabere modutsa m'khwapa, pakati penipeni pa mabere mozungulira, ndi mtunda wa pakati pa nsonga ziwirizo. Kumunsi, mumangeni lastiki pamene iye akufuna kuti m'mphepete mwa lamba mukhale. Kwa ambiri ndi masentimita 5 mpaka 8 pansi pa mchombo, pamwamba pa mafupa a chiuno kapena pansi pake pang'ono. Yezani mzere umenewo, kenako mzere wina masentimita 10 pansi pake, ndiyeno pamene mbina yatakata kwambiri. Pomaliza, kuchokera pa lastiki kufika pansi, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali zonse ziwiri. Miyeso inayi imeneyi sifanana, ndipo wa mbina yaikulu wakumbuyo umatalika.

Aime mmene amaimira povina, mawondo atawamasula pang'ono, chifuwa atakweza, ndipo akhale wopanda nsapato ngati adzavine choncho. Muyeso wotengedwa pamwamba pa chitenje ndi siketi yamkati ndi wabodza. Ngati telala ndi wamwamuna, pakhale mayi womugwirira tepi. Kasitomala amene akuchita manyazi amakoka mimba ndi kugwetsa mapewa, ndipo manambala onse amasokonekera.

Chidole ndimachinenepetsa bwanji kuti chifanane ndi munthuyo?

Iyi ndiyo ntchito yaikulu, ndipo imatenga theka la tsiku. Kumbukirani kuti anthu awiri a mbina ya masentimita 104 akhoza kusiyana kotheratu. Wina masentimitawo ali kumbuyo, wina ali m'mbali, wina ali pamimba. Tepi yoyezera siona kusiyana kumeneku. Mupempheni chilolezo kuti mumujambule ndi foni kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo atavala zothina, ndipo zithunzizo muzifufute ntchito ikatha.

Yambani ndi chifuwa. Mupempheni bra yake yakale yomukwana bwino, muiveke pachidole, ndipo makapu ake muwadzaze mpaka alimbe. Thonje lokha limafota. Chabwino ndi sokisi yodzaza ndi mpunga kapena mapira pang'ono, yokulungidwa ndi thonje, chifukwa imalemera ndi kugwa ngati thupi. Onani kuti mtunda wochoka paphewa kufika pansonga ukufanana ndi wa munthuyo.

Kenako mbina. Dulani siponji ya matiresi akale m'zidutswa zozungulira, chachikulu pansi, chocheperako pamwamba pake, chaching'ono pamwamba penipeni, ngati masitepe. M'mphepete musenge ndi lumo kuti musakhale mzere. Chitani chimodzimodzi pamimba ndi pamafupa a chiuno. Mukaika chidutswa chilichonse, yezaninso ndipo yang'anani chithunzi cha m'mbali. Cholakwika chofala ndi kukulunga siponji mozungulira thupi lonse mofanana. Muyeso umakwana, koma chidole chimasanduka mgolo, ndipo lamba wodulira pamenepo amasiya mpata kumsana kwa munthu weniweni.

Pomaliza chivekeni chovala chothina cha nsalu yotanuka, monga leginzi ndi kamalaya ka pasalaula, kuti zonse zigwirane. Siponji imapanikizika, choncho yezaninso mutaveka, tepi itakoka mmene munakokera pa munthuyo. Lembani mzere wa pakati kutsogolo, pakati kumsana, m'mbali ndi mzere wa lamba pogwiritsa ntchito riboni yopyapyala yogwiriza ndi mapini. Mizere yoimirira ija muitenge ndi chingwe chomangirira mwala kunsonga, osati ndi maso.

Ndilibe chidole. Ndingadzipangire?

Inde, ndi tepi yomatira yolimba ija imatchedwa duct tape, imene imapezeka m'mashopu a zomangira. Mufunika mamita pafupifupi 100 kuti mukute katatu kuchokera m'khosi kufika pantchafu, malaya aatali akale amene simukuwafunanso, pulasitiki yophimbira khosi, lumo losasongoka kunsonga, katoni ndi munthu wothandiza. Wovinayo avale bra yabwino ndi malayawo.

Yambani pansi pa mabere ndi m'chiuno mothina bwino. Pachifuwa dutsitsani timizere tatifupi mopingasana pakati, ndipo bere lililonse mulikute ndi tizidutswa tating'ono kuti lisaphwatalale. Kukuta koyamba kuyende mozungulira, kwachiwiri motsika, kwachitatu mozunguliranso. Mutsike mpaka pansi pa mbina, chifukwa chidole chothera m'chiuno chilibe ntchito pa chovala ichi. Musanadule, lembani mizere ya pakati ndi ya lamba, komanso mzere umodzi wozungulira pantchafu woyezedwa kuchokera pansi ndi rula, kuti mudzadziwe kuchiimika molunjika. Kumsana jambulani timizere topingasa kuti mbali ziwirizo mudzazikumanitse bwino, ndiyeno dulani chokwera, dzanja lina lili mkati kuteteza khungu ndi bra.

Ntchitoyi imatha ola limodzi kapena kupitirira, ndipo tepi silola thukuta kutuluka. Musaichite masana a mwezi wa Okutobala. Chitani m'mamawa pamthunzi, munthuyo atadya ndi kumwa madzi, ndipo asaumitse mawondo. Akangoti akumva chizungulire, dulani nthawi yomweyo, tepi mudzagula ina.

Chikachoka pathupi chimakhala chokulirapo ndi masentimita 2 mpaka 4 chifukwa cha malaya ndi tepi, choncho potseka kumsana pitirizanitsani mbalizo mpaka muyeso ukwane. Mkati ikanimo makatoni odulidwa motsatira thupi, pachifuwa, m'chiuno ndi pambina. Popanda makatoni amenewa, zodzazira zimakankha mbali zonse mofanana ndipo chidole chimabulungira. Dzazani ndi tizidutswa ta siponji kapena zotsala za nsalu. Thonje la kumunda lokhala ndi njere limaitana makoswe, ndipo utuchi umalemera, umamwa chinyezi ndi kukopa chiswe.

Chidole chotere chili ndi zofooka ziwiri. Guluu wa tepi amamatirira pa mapini n'kudetsa nsalu, ndiye chivekeni nsalu yotanuka ndipo muziboola chovalacho chokha mopendekera. Komanso m'shopu ya malata yotentha guluuyo amafewa ndipo chidole chimayamba kugwa mimba. Muzichiyeza mwezi uliwonse.

Choimikira chikhale chotani?

Paipi ya pulasitiki ya mamilimita 50 yoimikidwa m'chitini cha penti cha malita 20 chothiridwa simenti mpaka theka. Pamwamba pake mangiranipo hang'ala yathabwa yogwira mapewa. Iwongoleni paipiyo simenti isanaume. Chofunika kwambiri ndi msinkhu: mzere wa lamba pachidole utalikirane ndi pansi mofanana ndi wa wovinayo. Mukagwiritsa mapaipi awiri olowetsana, oboola mabowo ndi msomali wopingasa, mutha kukweza ndi kutsitsa.

Bra ndimaisoka bwanji, ndipo ndi liti pamene ndimaiika pachidole?

Musasoke makapu kuchokera pachiyambi ngati simunazolowere. Gulani bra ya makapu olimba okhala ndi waya pansi, yokulirapo saizi imodzi pa imene amavala masiku onse. Nsalu yokutira, ulusi wa mikanda ndi layiningi zimadya malo mkati, ndipo kapu imene inali yokwana imasanduka yaing'ono. Bra za pasalaula zimatheka bola waya wake asakhale wopindika kapena wadzimbiri.

Dulani zingwe zonse ndi bande lakumbuyo, mutsale ndi makapu. Zotanuka zonse zichoke, chifukwa lastiki sinyamula mikanda, imangotambasuka mpaka bra kutsika pakati pa gule. Makapuwo alimbitseni ndi nsalu yokhuthala monga jini, yosokedwa pamanja. Ikani makapu pachidole ndi kuwagwiriza ndi mapini, muone mtunda wa pakati pawo ndi mmene akupendekera. Kuwayandikitsa ndi kuwapendeketsera mkati kumasonkhanitsa chifuwa, kuwatalikitsa kumachiphwatalalitsa. Pakatipo lumikizani ndi riboni yolimba yosatanuka.

Bande latsopano lidulireni pachidolepo. Ikani pepala kuchokera m'mbali mwa kapu kuzungulira mpaka kumsana, mujambule. Mudzaona kuti silikhala lowongoka, limapindikira pang'ono, ndipo ngodya imene likukumana ndi kapu ndi imene imaletsa kapuyo kuyasama m'khwapa. Dulani jini kawiri ndi stifu, nsalu yolimbitsira ija, pakati, ndipo kumapeto kulikonse siyani masentimita 8 mpaka 10 owonjezera. Zingwe zikhale za riboni yolimba ya masentimita 2.5, zokutidwa ndi nsalu. Zomangira pakhosi zimakweza chifuwa bwino koma kulemera konse kumapita pakhosi. Kwa wa chifuwa chachikulu, zopingasana kumsana n'zabwino.

Pokuta kapu ndi nsalu, ikani nsaluyo mopingasa ulusi wake kuti ilolere, muyambe pakati kupita m'mphepete, ndipo yotsala muisonkhanitse m'dati imodzi pansi pa kapu, pamene mikanda idzaibise. Musakoke kwambiri. Nsalu yokokedwa imapinda m'mphepete mwa kapu kulowa mkati, ndipo mzerewo umadinda pakhungu.

Zonsezi zikagwirizidwa ndi ulusi, itanani mwini wake musanaike mkanda ngakhale umodzi. Akweze manja, awerame, adumphe, akoke mpweya. Mahuku muike aakulu a thalauza, awiri kapena atatu, osati timahuku ta bra wamba.

Lamba wanga amasiya mpata kumsana. Ndalakwitsa pati?

Mwamudula wowongoka ngati lamba wa thalauza. Chiuno cha munthu chimatakata chotsika. Tinene kuti mzere wapamwamba ndi masentimita 92 ndipo masentimita 10 pansi pake ndi 102. Kusiyana kwa masentimita 10 kumeneko kuyenera kuchoka m'mphepete mwapamwamba, ndipo sikugawika mofanana. Kwa amayi ambiri gawo lalikulu, mwina 6 kapena 7, lili kumbuyo pamene msana ukulowa mkati, lotsalalo m'mbali.

Apa chidole chonenepetsedwa bwino chimabweza nthawi yanu yonse. Kulungani pepala lolimba, monga la thumba la simenti loyeretsedwa, kuzungulira chiuno cha chidole. Pamene pepala layasama pamwamba, pindani dati ndi kumata. Kumbuyo ndi bwino madati anayi aang'ono kusiyana ndi awiri aakulu, amene amatulutsa nsonga. Jambulani maonekedwe a lamba, muchotse pepalalo n'kuliyala patebulo madati ali otseka. Lidzaoneka lokhota ngati mwezi, ndipo pateni yanu ndi imeneyo.

Dulani zigawo ziwiri, chakutsogolo ndi chakumbuyo, zokumana m'mbali. Mkati mukhale jini kawiri kapena stifu yolimba, zosokedwa pamodzi ndi makina mizere yambiri yoyandikana kuti zisapindike. Mbali iliyonse siyani masentimita 5 mpaka 8 opitirizana, chakutsogolo chizikhala pamwamba pa chakumbuyo. Lamba wotseguka mbali zonse ziwiri ndi wosavuta kusintha munthu akanenepa kapena kuonda, ndipo zokongoletsa za pakati sizisuntha. Dziwaninso kuti kusokera mikanda yambiri kumafupikitsa lamba ndi sentimita 1 kapena 2, choncho mahuku aikidwe pomaliza. M'mbali musatakatitse kwambiri. Kutsogolo lamba akatsika mopitirira pamene ntchafu ipindikira, amakwera nthawi iliyonse wovina akakweza bondo.

Mikanda ndisokere chovala chili pachidole kapena pamiyendo?

Pateni ya zokongoletsa ikonzedwe pachidole, kusoka kwenikweni kuchitikire m'manja. Pachidole ndi pamene mumaona ngati duwa la kumanja likufanana ndi la kumanzere, ndipo mukabwerera m'mbuyo mamita 3 mumaona zimene owonerera adzaone. Timikanda tating'ono tokongola pafupi timasowa patali, pamene miyala ikuluikulu ndi mizere yoonekera ndiyo imawala. Gwirizani ndi mapini kapena lembani ndi choko, muchotse, musoke.

Posoka, sungani kupindika kwake. Kapu muiike pabondo kapena pa mbale yaing'ono yovundikira, lamba pa pilo wolimba. Mukasokera patebulo lathyathyathya, ulusi umakhala wofupika, ndipo chovala chikapindika pathupi umadukaduka kapena kukwinyitsa nsalu. Zochepa zimene muyenera kusokera pachidole zimafuna singano yokhota, apo ayi mudzasokerera chovala kumodzi ndi chidolecho.

Ulusi ukhale wa nayiloni kapena poliyesita wolimba, wowirikiza, wodutsitsidwa pa phula la njuchi kuti usapotane. Mangani mfundo pakatha mikanda inayi kapena isanu iliyonse. Mikanda yagalasi yaitali ngati timapaipi ili ndi m'mphepete mwakuthwa modula ulusi, choncho ikani kamkanda kozungulira kumapeto ake onse awiri. Mphonje iliyonse ikhale ndi mfundo yakeyake, kuti imodzi ikaduka zina zisayoyoke. Mphonje za masentimita 10 mpaka 15 palamba zimayankha msanga chiuno chikagwedezeka. Zazitali zimachedwa ndipo zimakolana. M'khwapa ndi m'mbali mwa bra musaikemo miyala ya timano tachitsulo, imakanda mkono ndi kukola nsalu yovinira.

Mikanda ndi nsalu zonyezimira zina mudzazipeza ku Down Shops ku Chipata, zikasowa ndi za ku Kamwala ku Lusaka kapena ku Lilongwe podzera pa Mwami. Gulani yokwanira nthawi imodzi, chifukwa mtundu womwewo ukabweranso umasiyana pang'ono. Ina ndi yopakidwa utoto pamwamba pokha. Inyowetseni ndi kuipukuta pa nsalu yoyera musanagule yambiri.

Siketi yozungulira imafuna nsalu yochuluka bwanji, nanga n'chifukwa chiyani m'munsi mwake simulingana?

Tengani muyeso wa mbina pamene yatakata kwambiri, poti siketi iyenera kudutsa pamenepo, muugawe ndi 6.28. Pa masentimita 104 mupeza pafupifupi 16.5, mtunda wochoka pakati pa bwalo kufika m'mphepete mwa bowo la chiuno. Onjezani utali wa siketi, tinene 92, ndi 3 a msoko, zikhala 111.5. Theka lililonse la bwalo limadya kawiri nambala imeneyo, masentimita 223, ndiye bwalo lathunthu ndi mamita 4.5. Pa nsalu ya masentimita 112 m'lifupi mukhala mutapanikizika kwambiri, ya 150 ndiyo yomasuka. Mukafuna siketi yodzaza ya matheka atatu, gawani 104 ndi 9.42, mupeza 11, ndipo mugule mamita 6.5.

Kusalingana kwa m'munsi si kulakwa kwa lumo. M'bwalo, mbali zina zimagwa motsatira ulusi wa nsalu ndipo zina mopingasa, ndipo zopingasazo zimatambasuka. Pa shifoni kusiyanako kumatha kufika masentimita angapo. Sokani siketi yonse kupatula mpendero, muiveke pachidole pa mzere wa lamba, muisiye masiku awiri kapena atatu. Ena amapanikiza zopanira zovala m'munsi kuti itsike msanga. Kenako lembani mozungulira ndi rula yoimika pansi, sentimita 1.5 mpaka 2 kuchokera pansi. Pansipo pakhale posalala. Simenti ya makhonde ambiri ndi yotsetsereka, ndiye inu khalani malo amodzi n'kumazunguza chidolecho. Mzerewo autsimikize mwini wake atavala, ndi lamba yemwe, musanadule.

Nanga siketi yothina ya lycra ndi thalauza lotakata?

Lycra, nsalu yotanuka kwambiri ija, imadulidwa yocheperapo pa thupi, kawirikawiri ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse malinga ndi mmene ikutanukira. Chidole chikuthandizani kuika zokongoletsa nsalu ili yotambasuka. Mukasokera mikanda pa lycra yosatambasuka, ulusi udzaduka tsiku loyamba kuvala. Vuto ndi kuveka, chifukwa mapewa a chidole sapindika. Chotsani chidole pa choimikira, mulowetse siketi chakumunsi. Thalauza lotakata silifuna chidole, miyeso ndi lastiki zikwanira.

Kasitomala sakufuna kuonetsa mimba. Nditani?

Pa kitchen party pamene pali amayi okhaokha ambiri savutika, koma pa phwando la ukwati pali apongozi ndi akuluakulu a mpingo nkhani imasintha. Si zachilendo. Ku Egypt komweko ovina pagulu amayenera kuphimba mimba, ndipo amavala kansalu kaukonde kotanuka kotchedwa shabaka pakati pa bra ndi lamba. Kansaluka kadulireni pachidole katatambasuka, ndipo pamwamba kakoleke ku bra ndi timahuku, pansi kalowe mkati mwa siketi. Zambiri zogulitsidwa ngati za mtundu wa khungu n'zotuwa ndipo pa khungu lathu zimaoneka ngati bandeji. Funani zofiirira, kapena sankhani dala mtundu wofanana ndi siketi. Ukonde wa nayiloni umalandira utoto, wa poliyesita umakana utoto wamba.

Njira ina ndi diresi la baladi lokhala ndi mpango wa mikanda m'chiuno. Pa ili chidole chimagwira ntchito monga pa diresi lililonse, kungoti manja muwasiyire mpata wokwezera m'mwamba popanda diresi lonse kukwera nawo.

Chitenje chingalowe m'chovala chotere?

Pokutira bra ndi lamba, chitenje n'chabwino kuposa nsalu zoterera, chifukwa sichithawa pansi pa singano ndipo chimagwira mikanda. Chichapeni kaye kuti sitalichi ichoke ndipo chifupike chisanadulidwe. Maluwa ake mutha kuwadula, kuwalimbitsa ndi stifu ndi kuwazunguliza mikanda. Ikani zidutswazo pachidole musanadule, kuti duwa lalikulu lisagwere pansonga ya kapu. Pa siketi yozungulira n'cholemera ndipo sichiuluka ngati shifoni, choncho chigwiritseni ngati timapanelo topapatiza kutsogolo ndi kumbuyo.

Pachidole zonse zinali bwino, koma atavala zikutsika. Chavuta n'chiyani?

Yang'anani pamene vuto likuonekera. Bra ikakwera kumsana, bande ndi lotayirira ndipo zingwe zikunyamula zonse: sunthani mahuku kuti lithine, zingwe muzitalikitse pang'ono. Kapu ikayasama pamwamba, ndiye kuti munadzaza chidole mopitirira kumtunda kwa bere. Ikani kapilo kakang'ono pansi ndi m'mbali mkati mwa kapu, kapena fupikitsani m'mphepetemo ndi ulusi wolimba. Lamba akamazungulira, ndiye kuti layiningi ndi yoterera kapena mbali ina yalemera. Ikani layiningi ya thonje kapena ya nsalu yokhuthala yosaterera yotchedwa felt, ndipo mumukoleke kusiketi ndi mapini aakulu otseka. Akamatsika, kumbukirani kuti siponji yolimba imagwira lamba pamene mnofu umalolera, choncho pa munthu amafuna kuthina ndi sentimita 1 kapena 2 kuposa pachidole. Layiningi muisoke pamanja pomaliza penipeni, kuti posintha mahuku kapena ikatha ndi thukuta muzingoisula yokhayo.

Ndili ndi oda ya ovina asanu ndi mmodzi, chidole n'chimodzi. Ndichite bwanji?

Chidole chikhale pa muyeso wa wochepa thupi pa onsewo. Aliyense mumupangire chovala chake cha chidole: bra yodzaza ndi kabudula wothina amene siponji yasokeredwa mkati, zolembedwa dzina. Kusintha kumatenga mphindi zochepa. Masiketi ndiwo amachedwetsa poti iliyonse imafuna masiku ake otsikira. Apachikeni onse pa mahang'ala ozungulira kapena pa zivundikiro za ndowa zolenjekeka kudenga, ndipo chidole chizingogwira ntchito yolembera mpendero, mukusintha msinkhu pa aliyense.

Chovala chikatha ndingachisiye pachidole mpaka mwini wake abwere?

Tsiku limodzi kapena awiri palibe vuto, koma osapitirira. Kulemera kwa mphonje kumakoka ulusi ndi zingwe, fumbi la m'chilimwe limalowa pakati pa mikanda pamene burashi sifika, ndipo dzuwa la pawindo limasuwitsa zonyezimira mbali imodzi. M'nyengo ya mvula mapini achitsulo wamba amachita dzimbiri m'masiku ochepa n'kusiya madontho osachoka pa satini, choncho zulani onse madzulo alionse kapena mugule osachita dzimbiri.

Bra ndi lamba zigonekedwe, makapu atadzazidwa ndi nsalu yofewa, mkati mwa pilokesi ya thonje, osati m'pepala lapulasitiki mmene thukuta limasanduka chuku ndi kudetsa mikanda ya siliva. Muuzeni mwini wake kuti akavina azichiyanika pamthunzi, mkati muli kunja, mpaka chiume, ndipo asachiviike m'beseni. Chidole chenichenicho chiphimbeni ndi chitenje chakale ndipo chikhale kutali ndi khoma lonyowa.